MUTU 17: ZIPANGIZO ZAMAGETSI ZIKATHA NTCHITO

Munthu wochokera mumzinda wa Lilongwe akafuna kupita ku Nkhoma amatsata msewu waukulu wa ku Dedza. Amadutsa pa Nathenje, ndipo akafika pa Kamphata amakhotera kumanzere. Posakhalitsa amaliona phiri la Nkhoma lili njo! patsogolo pake. M'tsinde mwa phirili muli mishoni imene inakhazikitsidwa m'chaka cha 1896, ndiponso chipatala chimene chinayamba m'chaka cha 1915. Masiku amenewo anthu a m'midzi yozungulira phirili ankaunikira ndi moto wa nkhuni kapena miuni ya udzu. Uthenga unkayenda ndi mapazi a munthu kapena kulira kwa ng'oma.

Lero zinthu zinasintha. Wailesi ya MBC inakhazikitsidwa m'chaka cha 1964, ndipo m'zaka zotsatira mabanja ambiri anagula mawailesi a Nzeru amene ankapangidwa ku Blantyre. Mafoni a m'manja anafika m'dziko muno m'chaka cha 1995. Mukapita pa Mitundu kapena pa Nathenje tsiku la msika, mudzaona matochi, mawailesi, mafoni, matchaja, masipika ndi masola zili mbwee! pamabenchi. Mlimi amamvera nkhani za ulimi pa wailesi. Mayi amalandira ndalama pafoni kuchokera kwa mwana wake amene ali ku Joni. Mwana wa sukulu amawerenga usiku ndi nyale ya sola. Kalembera wa anthu wa m'chaka cha 2018 anapeza kuti mabanja oposa theka m'Malawi ankaunikira m'nyumba zawo ndi nyale za mabatire.

Zonsezi ndi zabwino. Komatu akuluakulu anati, walira mvula walira matope. Chipangizo chilichonse chimakalamba. Batire limatha mphamvu, babu limapsa, foni imagwa pansi n'kusweka, wailesi imaleka kuyankhula. Kodi zinthu zimenezi zikatha ntchito zimapita kuti?

Zinyalala zosaola

Chinthu chilichonse chimene chinkayendera batire kapena magetsi, mwini wake akachitaya, chimasanduka chinyalala cha zipangizo zamagetsi. Zinyalala zoterezi n'zosiyana ndi zinyalala zina. Makoko a nthochi, mapesi ndi masangwi a mtedza zikatayidwa kudzala zimaola ndi kusanduka manyowa. Koma foni siiola. Ingathe kukhala m'nthaka mpaka inu mutakula ndi kukhala ndi zidzukulu.

Bungwe la United Nations linawerengera zinyalala zimenezi. Linapeza kuti m'chaka cha 2022 chokha, anthu pa dziko lonse lapansi anataya zipangizo zamagetsi zolemera matani 62 miliyoni. Katundu ameneyu angadzaze malole akuluakulu 1,550,000. Malolewo ataima mondondozana, mzere wake ungazungulire dziko lonse lapansi. Mwa magawo 100 alionse a zinyalalazi, magawo 22 okha ndiwo anatoledwa ndi kukonzedwanso moyenera. Kuno ku Africa sanakwane ndi gawo limodzi lomwe.

M'kati muli chuma

Mmisiri akatsekula wailesi kapena foni, m'kati mumaoneka kabolodi kobiriwira kokhala ndi timizere tambirimbiri. Timizereto ndi tinjira ta mkuwa m'mene mumayenda magetsi. Mufoni mulinso golide ndi siliva, ngakhale kuti n'zochepa kwambiri kotero kuti simungazione bwino ndi maso. M'batire la foni muli miyala ina ya mtengo wapatali, monga lithiamu ndi kobati.

Miyala imeneyi siimera ngati chimanga. Anthu amaikumba pansi pa nthaka movutikira. Mkuwa wambiri umakumbidwa m'migodi ya ku Zambia, ndipo kobati wambiri amachokera ku Democratic Republic of Congo. Pokumba migodi anthu amagwetsa mitengo, amasiya maenje aakulu ndiponso amagwiritsa ntchito madzi ndi mafuta ambiri. Mwala ukakumbidwa suphukanso. Choncho munthu amene waponya foni yakufa kuthengo wataya thukuta la anthu ambiri.

M'kati mulinso chiphe

Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Zipangizo zokongolazi zilinso ndi zinthu zimene zingathe kuononga moyo. Malinga chipangizo chili chotseka ndi chosasweka, zinthuzo sizivuta. Vuto limayamba pamene tachiphwanya, tachitentha kapena tachisiya pamvula.

Chiphe choyamba ndi mtovu. Mtovu ndi chitsulo cholemera, chofewa ndi chotuwa. Umapezeka wambiri m'mabatire akuluakulu a galimoto ndi a sola, ndiponso m'galasi la mawailesi a kanema akale aja okhala ndi chimsana. Fumbi la mtovu likalowa m'thupi la mwana limaononga ubongo. Mwanayo amavutika kumva ndi kukumbukira zimene aphunzitsi anena, ndipo magazi ake amachepa. Kuopsa kwa mtovu kunaoneka mumzinda wa Kabwe ku Zambia, kumene kunali mgodi wa mtovu. Mgodiwo unatsekedwa m'chaka cha 1994, koma patapita zaka zambiri madokotala anapezabe mtovu wochuluka m'magazi a ana amene ankasewera pafumbi la m'deralo.

M'mabatire akuluakuluwo mulinso asidi, madzi oopsa amene amawaula khungu, kuboola zovala ndi kuchititsa khungu akagwera m'maso. M'mababu aatali oyera ndi m'mababu opotana muli chiphe china chotchedwa mekyule, chimene chimatuluka babulo likasweka. Batire la foni likatupa, likaboola kapena likaponyedwa pamoto, lingathe kuphulika ndi kuyatsa nyumba. Timabatire ting'onoting'ono tonga mabatani a malaya, timene timakhala m'mawotchi ndi m'zidole, n'toopsanso. Mwana wakhanda akameza kamodzi, kangathe kumuwaula kummero m'maola ochepa chabe. Mwana wotere ayenera kutengeredwa kuchipatala nthawi yomweyo.

Anthu ena amatentha mawaya kuti pulasitiki apse, mkuwa utsale. Utsi wakuda umene umatuluka pamenepo umaononga mapapo a wotenthayo ndi a anthu onse oupuma. Ena amaponya mabatire m'chimbudzi, kudzala kapena m'dimba. Mvula ikagwa mabatirewo amachita dzimbiri ndi kuphulika, ndipo mankhwala ake amalowa m'nthaka. Madzi amawatenga kupita nawo kuchitsime kapena kukamtsinje. Timitsinje ta ku Nkhoma timathira mumtsinje wa Linthipe, ndipo Linthipe amakathira m'nyanja ya Malawi ku Salima. Motero chinthu chotayidwa mosasamala m'mudzi umodzi chingathe kukafika kwa anthu amene sitinawaonepo.

Njira yoyamba: kusamala ndi kukonza

Popeza m'chipangizo chakale muli chuma ndi chiphe, tiyenera kuchita nacho mwanzeru. Pali njira zitatu. Yoyamba ndiyo kuchisamala kuti chikhalitse. Wailesi isasiyidwe pamvula kapena pafumbi. Foni isaikidwe pafupi ndi moto kapena padzuwa lamphamvu. Sola izipukutidwa ndi kansalu kofewa. Tochi ikakhala kuti siigwira ntchito masiku ambiri, mabatire ake achotsedwe kuti asaolere momwemo. Pogula, ndi bwino kusankha chinthu cholimba kusiyana ndi chotsika mtengo chimene chifa mwezi usanathe. Nyale imodzi ya sola imapulumutsa mabatire ambiri amene akanagulidwa ndi kutayidwa.

Chipangizo chikaonongeka, tisafulumire kunena kuti chafa. Pamisika yathu pali amisiri okonza mawailesi ndi mafoni. Mmisiri amatsekula chipangizocho ndi kuyang'ana mofatsa, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Kawirikawiri amapeza kuti vuto n'laling'ono: waya waduka, batani lothimitsira lachita dzimbiri, kapena polowetsera tchaja pamasuka. Akaotcherera kawaya kamodzi, wailesi ija imayambanso kuyankhula. Pamenepo banja lapulumutsa ndalama, mmisiri wapeza ya mchere ndi sopo, ndipo kudzala sikunapite kanthu.

Njira yachiwiri: kugwiritsanso ntchito

Nzeru yogwiritsanso ntchito zinthu zakale si yachilendo kwa ife. Amisiri athu amasula mbaula ndi makheni othirira m'dimba kuchokera ku malata akale. Amapanga koloboyi ndi kachitini, ndiponso nkhwaila ndi matayala akutha. Inunso mumapanga galimoto za mawaya ndi mpira wachikulunga. Nzeru yomweyi ndiyo ifunika pa zipangizo zamagetsi.

Foni imene mwini wake watopa nayo ingathe kuthandiza agogo kumudzi. Asanaipereke, mwiniyo ayenera kuchotsamo simu khadi, zithunzi ndi mauthenga ake, kuti wina asadziwe zinsinsi zake kapena kumubera ndalama. Wailesi imene yaferatu ilinso ndi ziwalo zamoyo. Sipika yake, mlongoti wake, mawaya ndi tizitsulo tomangira, zonsezi mmisiri angakonzere wailesi ina. N'chifukwa chake pabenchi pa mmisiri pamakhala mulu wa mafoni ndi mawailesi akufa. Kwa iye mulu umenewo ndi nkhokwe.

Chitsanzo chabwino ndi William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, amene anabadwa m'chaka cha 1987. Ali mnyamata ankamasula mawailesi akale kuti aone m'mene amagwirira ntchito, mpaka anayamba kukonzera anthu. Pa njala ya 2001 ndi 2002 analeka sukulu ya sekondale chifukwa makolo ake analibe ndalama za fizi. Iye sanataye mtima. Ankabwereka mabuku a sayansi kulaibulale ya m'dera lakwawo, ndipo anaonamo chithunzi cha makina opanga magetsi ndi mphepo.

William anayamba kutola zinthu zotayidwa: chopemerera injini ya thirakitala, njinga yakutha ya bambo ake, mapaipi a pulasitiki ndi mawaya. Anapezanso dainamo ya njinga. Anthu ambiri ankamuseka poganiza kuti wachita misala. Koma ali ndi zaka 14 anamangirira makina ake pamwamba pa nsanja ya mitengo ya bulugama. Mphepo itaomba, mapiko a makinawo anazungulira ndipo babu linayaka. Pambuyo pake makinawo ankayatsa mababu anayi ndi kuimbitsa mawailesi awiri. William anabwerera kusukulu, ndipo anamaliza maphunziro ake pa Dartmouth College ku America m'chaka cha 2014. Zimene anzake ankaziyesa zinyalala, iye anaziona kuti ndi zida.

Njira yachitatu: kusungunula ndi kupanganso

Chipangizo chikakanika kukonzeka, ndipo ziwalo zake zabwino zikachotsedwa, chotsalacho chiyenera kupita kwa anthu odziwa kusungunula zitsulo. M'mafakitale a ntchito imeneyi antchito amavala zodzitetezera kumanja, kumaso ndi kumphuno. Amayamba achotsa mabatire ndi zina zoopsa. Kenaka makina amaphwanya chotsalacho, maginito amakoka chitsulo, ndipo mkuwa, pulasitiki ndi galasi zimaikidwa pazokhapazokha. Zitsulozo zimasungunulidwa m'ng'anjo zosatulutsa utsi woipa kunja. Mkuwa ungasungunulidwe kambirimbiri osatha mphamvu. Mtovu wa m'batire lakale umapangira batire latsopano.

Anthu a ku Japan anaonetsa dziko lonse phindu la njira imeneyi. Pokonzekera masewera a Olimpiki a mumzinda wa Tokyo, amene anachitika m'chaka cha 2021, anapempha anthu kuti apereke zipangizo zawo zakale. Kuyambira 2017 mpaka 2019 anatolera mafoni oposa 6 miliyoni pamodzi ndi zipangizo zina zambiri. M'menemo anapezamo golide wolemera makilogalamu 32, siliva makilogalamu 3,500 ndi mkuwa makilogalamu 2,200. Mamendulo pafupifupi 5,000 amene opambana anavala m'khosi anapangidwa ndi zitsulo zimenezi.

Kuno kwathu alipo anthu amene amayenda m'midzi ndi m'misika kugula zitsulo zakutha ndi mabatire akale. Makolo angagulitse batire la sola kwa anthu otere kapena kulibweza kwa ogulitsa mabatire, koma lipite lathunthu, losaswa ndi losakhuthula asidi. Tichenjere ndi chinthu chimodzi. Kudula mawaya a ESCOM kapena kuzula sola ya pachipatala ndi pasukulu kuti ukagulitse, kumeneko si kusamala zinthu ayi. Ndi kuba, ndipo kumasiya odwala ndi ophunzira mumdima.

Udindo wa tonse

Maiko anapangana malamulo pa nkhani imeneyi. M'chaka cha 1989 anagwirizana mumzinda wa Basel ku Switzerland kuti dziko lisamakataye zinyalala zoopsa m'dziko la eni popanda chilolezo, ndipo Malawi ali nawo m'panganoli. M'dziko muno muli lamulo losamalira chilengedwe la m'chaka cha 2017. Chaka chilichonse pa 14 Okutobala anthu m'maiko ambiri amakumbutsana za zinyalala za zipangizo zamagetsi.

Koma lamulo palokha silingatole batire limene lagwa pabwalo. Mutu umodzi susenza denga. Inunso ana muli ndi mbali yanu. Musaswe, kuluma kapena kuseweretsa batire. Musatsekule wailesi ya kanema kapena chipangizo china chachikulu, chifukwa zina zimasunga magetsi ngakhale zitazimitsidwa. Musatenthe mawaya ndi pulasitiki. Mabatire a tochi akatha, muwapereke kwa akuluakulu kuti awasunge m'chitini chotseka, pamalo ouma ndi osafika ana aang'ono. Mukagwira batire lotuluka madzi, sambani m'manja ndi sopo musanadye. Pakakhala chokayikitsa, funsani aphunzitsi kapena alangizi a zaumoyo, pakuti safunsa anadya phula.

Chipangizo chakale tikachisamala chimatipatsa chuma. Tikachitaya mosasamala chimatibwezera matenda kudzera m'madzi, m'nthaka ndi mumpweya. Kusankha kuli ndi ife.

A. Mawu atsopano

muuni: udzu kapena nkhuni yoyaka younikira usiku
dzala: malo otayako phulusa ndi zinyalala
mgodi: malo okumbako miyala ya mtengo wapatali
chiphe: chinthu chimene chingadwalitse kapena kupha chikalowa m'thupi
mtovu: chitsulo cholemera, chofewa ndi chotuwa
kuotcherera: kulumikiza zitsulo kapena mawaya ndi moto
kusungunula: kutenthetsa chinthu cholimba mpaka chisanduke ngati madzi
ng'anjo: malo a moto waukulu osungunuliramo zitsulo
mendulo: kachitsulo kaulemu kamene amapatsa munthu wopambana

B. Yankhani mafunso awa m'ziganizo zomveka bwino

1. Kodi anthu a ku Nkhoma ankaunikira ndi chiyani kale?
2. Fotokozani kusiyana kwa makoko a nthochi ndi foni yakufa zikatayidwa kudzala.
3. Tchulani zitsulo zitatu za mtengo wapatali zimene zimapezeka mufoni.
4. Kodi mtovu umachita chiyani ukalowa m'thupi la mwana?
5. Fotokozani m'mene mankhwala a m'batire lotayidwa ku Nkhoma angafikire kunyanja.
6. Kodi munthu ayenera kuchita chiyani asanapereke foni yake kwa wina?
7. Tchulani zinthu zinayi zimene William Kamkwamba anapangira makina ake.
8. Chifukwa chiyani m'nkhaniyi akuti mulu wa mawailesi akufa ndi nkhokwe ya mmisiri?
9. Mwa njira zitatu zija, ndi iti imene mungaitsate kwanu kuyambira lero? Perekani chifukwa.

C. Miyambi

Perekani matanthauzo a miyambi iyi, ndipo munene m'mene ikugwirizanirana ndi nkhani mwawerengayi.

1. Walira mvula walira matope.
2. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.
3. Kuona maso a nkhono n'kudekha.
4. Mutu umodzi susenza denga.
5. Safunsa anadya phula.

D. Malamulo a chiyankhulo

(a) Chulukitsani mayina awa.
Chitsanzo: batire, mabatire

1. mgodi
2. chipangizo
3. waya
4. mmisiri
5. dimba
6. kamtsinje

(b) Perekani mawu otsutsana ndi awa.

1. kutseka
2. cholemera
3. kugula
4. chakale
5. kutaya

(c) Tsekani mzere kunsi kwa aneni m'ziganizo izi.

1. Mmisiri wakonza wailesi ya agogo.
2. Mvula inagwa usiku wonse.
3. Ana asatenthe mawaya.
4. Mphepo inazunguza mapiko a makina.
5. Amayi asunga mabatire m'chitini.

E. Lembetso

Chipangizo chikaonongeka, tisafulumire kuchitaya. Tipite nacho kwa mmisiri kuti akachione. Chikakanika kukonzeka, ziwalo zake zingathandize kukonzera china. Tisatenthe mawaya ndipo tisaponye mabatire m'chimbudzi kapena m'dimba.

F. Chimangirizo

Lembani chimangirizo cha ndime zitatu pa mutu uwu: Mmisiri wokonza zinthu wa kwathu. M'ndime yoyamba nenani kumene amagwirira ntchito ndi zida zake. M'ndime yachiwiri fotokozani zimene amachita akalandira chinthu choonongeka. M'ndime yachitatu nenani m'mene ntchito yake imathandizira anthu.

G. Ntchito

1. Funsani makolo anu kuti akuonetseni zipangizo zamagetsi zakufa zimene zili pakhomo panu. Musazitsekule. Lembani mayina ake ndi chiwerengero chake m'kope lanu.
2. M'kalasi, phatikizani ziwerengero za ana onse. Ndi chipangizo chiti chimene chachuluka koposa?
3. Kambiranani ndi aphunzitsi anu za zipangizo zimene zingakonzeke, zimene zingaperekedwe kwa mmisiri, ndi zimene ziyenera kusungidwa kutali ndi ana.